Rauta Yoyatsidwa ndi Chala cha Mfumu

Dziko la Palibevuto musavutike kulifuna pa mapu. Ojambula mapu adafikako kamodzi, koma atafunsa chifukwa chimene msewu waukulu uli ndi maenje oti mbuzi ikagweramo imatuluka ili ndi ana, adaperekezedwa mwaulemu mpaka kumalire. Dzikolo lilipo ndithu. Likulu lake ndi mzinda wa Tamvabwana, ndipo pamwamba pa phiri la Musandiuze, moyang'anizana ndi mzindawo, pali nyumba ya Mfumu Salakwa Wachiwiri, imene dzina lake laulemu ndi Muuni Wosazima.

Malamulo m'dzikomo ndi ochuluka ngati nsikidzi za m'mphasa yakale, koma lalikulu, limene ngakhale ana a sukulu ya mkaka amaliimba, ndi ili: chimene chala cha mfumu chayatsa, dzanja la munthu lisazimitse. Musaseke, anthu adaona nalo zakuda lamuloli. Thirakitala imene mfumu idailiza pa chionetsero cha zaulimi idalira pabwalo pomwepo mpaka mafuta adatha, asilikali ataizungulira kuti wina asaichitire chifundo. Wailesi imene mfumu idayatsa m'chipinda cha alendo ikadali mnyamata ikulankhulabe mpaka lero, ndipo alendo amagona atatseka makutu ndi thonje. Wophwanya lamuloli, kapena aliyense wokhumudwitsa mfumu, amatumizidwa ku Kwaiwalika, dera la miyala ndi nkhanga kumathero kwenikweni kwa dziko. Wopita kumeneko sabwerako, kaya kwawo kwagwa maliro kaya kuli ukwati.

A Yotamu Gwaza, Nduna ya Nthambo ndi Zamumlengalenga, adali munthu wamfupi wa dazi lonyezimira, wodziwa ntchito yake komanso wodziwa kukhala chete. Akazi awo adamwalira kalekale n'kuwasiyira mwana mmodzi wamkazi, Ndaziona. Adamulera okha, kumamuluka tsitsi mokhotakhota mpaka aphunzitsi kumamvera chisoni mwanayo. Tsopano Ndaziona adali pafupi kukwatiwa, ndipo a Gwaza adali atasoketsa kale suti yodzavala pomulowetsa m'tchalitchi. Akaweruka kuntchito amayeserera kayendedwe kake pakhonde, mkono atapinda ngati mwanayo waugwira kale.

Tsoka lawo lidabwera m'katoni. Mfumu idamva kuti mafumu anzake onse ali pa intaneti, ndiye idalamula kuti nayonso iikiridwe m'nyumba mwake. A Gwaza adagula rauta, kabokosi koyera ka tinyanga tiwiri kamene kamagawa intaneti m'zipinda popanda nthambo. Adakalumikiza bwinobwino n'kutsala kungodina batani. Apa ndi pamene adapusa bambo wachikulireyu. M'malo modina okha mwakachetechete, adalola kuti pachitike mwambo. Kudabwera asilikali a zitoliro, amayi ovina, riboni ndi sizasi, kenaka mfumu idatambasula chala chake cha mkombaphala n'kudina batanilo. Tigetsi ta pa rauta tidati biriwiri, khamu lonse n'kuyankha monga amayankhira mfumu ikachita chilichonse, ngakhale kuyetsemula: "Kwawala, mfumu."

Tsiku lomwelo chithunzi cha mfumu ikudina batani chidaikidwa pa intaneti, pansi pake atalembapo kuti, "Ndakuyatsirani dziko." Mfumu idati idzamva mayamiko a anthu zikondwerero zikatha, ndipo zidatenga nthawi ndithu chifukwa chigawo chilichonse chidafuna kudzavinira rauta. Tsiku limene idakhala pansi ndi foni yake kuti imve mmene anthu akuikondera, kagetsi kapakati pa rauta kadali katafiira psuu. Pa foni kagudumu kamangozungulira, chithunzi osatseguka.

Aliyense amene adakhalapo ndi rauta akudziwa mankhwala a matenda amenewa. Kachipangizoka kakagwira ntchito nthawi yaitali osapuma kamasokonezeka mutu, ndipo umangokazimitsa, kudikira pang'ono, n'kukayatsanso. A Gwaza amadziwa. Ophika a kukhitchini amadziwa. Msilikali wapachipata amadziwa, ngakhale galu wake mwina amadziwa. Koma wotsegula pakamwa ndani, poti kabokosiko kadayatsidwa ndi chala chija?

Choncho a Gwaza adayesa zina zonse zotsala. Adagwada pansi kuona ngati nthambo yochokera kukhoma yalowa bwino kumbuyo kwa rauta, ndipo idali italowa. Adaichotsa n'kuikapo yatsopano. Adakweza rauta pamwamba pa kabati kuti mafunde aziyenda momasuka, asilikali awiri atagwirizira waya wa magetsi kuti pulagi isayerekeze kusuntha. Adatsegula kompyuta ya mfumu n'kupezamo fumbi, nyerere ndi kachidutswa ka chitumbuwa, ndipo adapukuta zonsezo kompyuta ili chiyakire, popeza nayonso idayatsidwa ndi chala chomwecho. Kagetsi kadali kofiirabe. Pomaliza adaimba foni ku kampani yogulitsa intaneti.

"Pepani bambo, kuno kwathu zonse zili bwino," adatero mtsikana wa kukampaniko ndi mawu okoma. "Kodi mwayesa kuizimitsa n'kuiyatsanso?"

A Gwaza adadula foni msangamsanga, thukuta lili kamukamu pa dazi. Mtsikanayo adali mwana wa eni, ndipo sadafune kuti akakalambire ku Kwaiwalika chifukwa cha funso la kuntchito.

Mfumu itatopa n'kuonerera kagudumu kozungulira, idaitanitsa bwalo la nduna. Nduna ya Chitetezo idati anthu a m'munsi mwa phiri ndiwo akuba mafunde a mfumu. Mawindo onse adatsekedwa ndi makatoni kuti intaneti isathawire panja, ndipo mayi wogulitsa nthochi pachipata adagona m'chitokosi chifukwa foni yake idapezeka ikugwira. Nduna ya Zofalitsa Nkhani idapempha kuti alengeze kuti getsi lofiira ndi chizindikiro cha intaneti yothamanga kwambiri, yoti maso a munthu wamba sangaione. Ena adati pasiwedi ndiyo idachepa ulemu, ndiye idasinthidwa kukhala maina onse a mfumu, kuyambira Muuni Wosazima mpaka Mtsinje Wosaoloka Nsapato Zili Kuphazi. Woilemba akamamaliza, tiyi wake amakhala atazizira.

"Gwaza," idatero mfumu italoza pamwamba pa kabati, "kabokosika kakudwala chiyani?"

"Katopa, mfumu."

"Katopa ndi chiyani? Ine ndakhala ndikulamulira dziko lino iwe usanamere dazi, sindinatopepo."

"Kwawala, mfumu," nduna zidayankha pamodzi.

"Mankhwala ake alipo?"

A Gwaza adaponya maso kwa a Zinalembedwa, nkhalamba yosunga malamulo a ufumu, imene imakhala kudzanja lamanja la mfumu itatsinzina diso limodzi.

"Mwina kakadagonako pang'ono, mfumu. Katulo kochepa chabe."

A Zinalembedwa adatsegula diso lachiwiri lija. "Katulo kake kotani, a Gwaza? Kogona getsi likuyaka, kapena kwinaku?"

"Likuyaka, akuluakulu, likuyaka. Kungoti ndimaganiza kuti mwina mwini chala, mwa chifundo chake, atafuna yekha..."

"Muuni Wosazima suzimitsa," adatero a Zinalembedwa. "Umangoyatsa." Atatero adatsinzinanso diso lawo.

Mfumu idawayang'ana a Gwaza kwa nthawi, ikugogoda tebulo ndi chala chodziwika chija.

"Ndalandira khadi la ukwati wa mwana wako, Gwaza. N'lokongola. Koma anthu anga andilembera mawu achikondi, ine sindikuwamva. Likakwana tsiku la ukwatiwo kagetsika kakadali kofiira, nthungululu zake udzazimvera ku Kwaiwalika."

A Gwaza adachita mantha enieni. Unduna adalibe nawo ntchito kwenikweni, galimoto ya boma ikadatha kupita, koma kuganiza zoti Ndaziona adzalowa m'tchalitchi yekha ngati mwana wamasiye n'kumene kudawaopsa. Adauza dalaivala kuti apume, iwo n'kutsika phiri wapansi mpaka ku msika wa Tingopirira, kumene achemwali awo aakulu, a Esinati, adali ndi saluni.

Adawapeza akuluka mayi wina, mayi winanso atalowetsa mutu m'dulaya youmitsira tsitsi. Pa shelefu, pakati pa mabotolo a mafuta odzola, padali rauta yakale yothyoka kanyanga kamodzi, tigetsi take tili biriwiri. Makasitomala onse maso adali pa mafoni.

"Yotamu, mwabwera ndi nkhope ya maliro pamene ife tikusita za ukwati," adatero a Esinati osaleka kuluka. "Khalani apo. Akutani kumtundako?"

A Gwaza adafotokoza motsitsa mawu, koma m'saluni mulibe mawu otsika.

"Akuti intaneti ya kumtunda yadwala?" adafunsa mayi wa m'dulaya. "Pepani kwambiri. Aitengere kuchipatala chathu chija, ikalandire mankhwala a mutu."

"Mankhwala a mutu adatha chaka chatha," adayankha mayi wolukitsa uja. "Ikangouzidwa kuti ibwerenso mawa. Ambiri timachira ndi mawu amenewo."

Ali mkati mocheza choncho, magetsi adangoti thii. Dulaya idaleka kulira, wailesi ya pa okala yoyandikana nayo idati zii, tigetsi ta pa rauta tonse tidazima. Palibe amene adadzutsa mutu.

"Anyani aja afika," adatero mayi wa m'dulaya, akutulutsa mutu wonyowa mbali imodzi.

Apa ndiyenera kukufotokozerani. Unduna wa Magetsi udalengeza kalekale kuti mu Palibevuto palibe munthu amene amazimitsa magetsi. Amazimitsa ndi anyani osewera pa nthambo. Anthu adavomereza, ndipo adayamba kuwalemekeza anyaniwo chifukwa cha dongosolo lawo.

"Anyani a boma ndi ophunzira," adatero a Esinati akuyatsa mbaula yamakala kuti atenthetse chipeso. "Amadziwa kuti m'mawa ndi kuchipatala, masana ndi kumsika kuno, ana akafuna kuwerenga ndiye m'makomo. Sanasokonezepo."

Patapita kanthawi magetsi adabwera. A Gwaza, amene maso awo adali atazolowera kudikirira kagetsi, adaona rauta ya pa shelefu ikudzuka. Idaphethira kofiira, idaphethiranso, kenaka tonse biriwiri. Mafoni m'saluni adayamba kulira.

"Achemwali, rauta yanuyi idayamba yavutapo?"

"Ivute nthawi yanji? Isanaganize n'komwe zovuta, anyani amakhala aigoneka kale."

A Gwaza adaimirira mpaka mpando udagwa. M'dziko lonse la Palibevuto mudali nyumba imodzi yokha imene magetsi sadazimepo, ndipo idali ya pamwamba pa Musandiuze. Idali ndi nthambo yakeyake imene anyani adali asadaipeze. Jenereta kudalibe, chifukwa kugulira Muuni Wosazima jenereta kukadakhala ngati kunena kuti tsiku lina ungazime. Marauta a amphawi onse amachiritsidwa ulere tsiku lililonse ndi mdima wa boma, ya mfumu yokha ndiyo imasowa mwayi umenewo. Ndipo anyani sali m'lamulo, poti lamulo likunena dzanja la munthu.

"Yotamu, ndakuonani maso," adatero a Esinati, ataloza ndi chipeso. "Musanakonze kabokosi ka eni, mwawerengako zimene anthu adalemba pansi pa chithunzi chija?"

A Gwaza adali atawerenga, ndipo tsiku limenelo sadadye bwino.

"Mfumu siwerenga yokha, achemwali. Ili ndi Wowerengera, munthu woti ukamupatsa madandaulo a anthu, pakamwa pake pamatuluka nyimbo ya chiyamiko. Ntchito yanga ndi getsi lobiriwira basi. Zotsalazo ndi zake."

"Kaya. Wakwata kwa mphenzi saopa kung'anima," adatero a Esinati. "Koma mwana uja akufuna mkono wanu. Mendulo sangaigwire polowa m'tchalitchi."

Kuchoka pamenepo a Gwaza adalunjika ku ofesi ya Nduna ya Magetsi, a Koloboyi, amene adaphunzira nawo limodzi ali ana. Adawapeza atasuntha tebulo kufupi ndi windo kuti aziona, popeza anyani adali atafikanso ku undunako.

"Amwene, mwadya chiyani lero?" adatero a Koloboyi atamva pempholo. "Mukufuna anyani anga akwere phiri la Musandiuze?"

"Kanthawi kochepa chabe. Koti munthu n'kumwa kapu ya madzi."

"Ine ndili ndi ana."

"Inenso ndili naye, mmodzi yekha," adatero a Gwaza. "Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Ine ndikakwera lole ya ku Kwaiwalika, kagetsi kaja sikasintha mtundu, ndipo bwalo lidzafuna wina womuloza chala. Ndamva kale a Chitetezo akunong'ona kuti mwina magetsi anu akufika ku rauta atazizira."

A Koloboyi adasuzumira panja. Kenaka adatseka chitseko.

Adagwirizana kuti zichitike mawa lake masana, mfumu ikamagona itatha kudya. Dzuwa limakhala lili paliwombo, ndiye palibe amene akadazindikira kuti mababu athima. Nduna ziwirizi zidaona kuti zaganiza mozama, ndipo zidagwirana chanza ngati anthu amene apulumutsa dziko.

Mawa lake a Gwaza adaimirira kutsogolo kwa kabati manja ataika kumbuyo, ataitananso asilikali awiri aja kuti akhale mboni zoti sanakhudze kanthu. Nthawi itakwana, fani ya kudenga idayamba kuzungulira mwaulesi mpaka kuima. Wailesi ya m'chipinda cha alendo idatseka pakamwa koyamba chiyambire, ndipo akuti mlendo amene adali mmenemo adagwetsa misozi. Kagetsi kofiira kadazima. Msilikali mmodzi adayang'ana mnzake, mnzakeyo n'kuyang'ana kudenga ngati pali nkhani yosangalatsa kumeneko.

Fani idayambanso. Rauta idaphethira kofiira, idaphethiranso, kenaka kagetsi kapakati kadati biriwiri.

Nthawi yomweyo kuchipinda kwa mfumu kudamveka foni ikulira mosalekeza ngati anapiye anjala. Mauthenga onse amene adaunjikana panjira adayamba kulowa. A Gwaza chimwemwe chidawakwera m'mutu. Adaiwala mawu a achemwali awo, adaiwala ndi kukhala chete kumene kudawasunga pa ntchito zaka zonsezi, n'kuthamanga m'khonde ngati mwana wakhoza mayeso. Chimene iwo ndi a Koloboyi sadachiganize n'chakuti mfumu ikamagona masana, Wowerengera naye amapita kwawo kukadya.

Adaipeza mfumu itakhala pabedi, itavala mandala, foni ili m'manja.

"Ndakonza, mfumu," adatero a Gwaza akugwada pakhomo, wefuwefu. "Ndine ndakonza, ndi nzeru zanga, osakhudza kanthu."

Mfumu sidadzutse mutu. Milomo yake imayenda pang'onopang'ono, monga amachitira munthu amene adasiya kalekale kudziwerengera.

"Uyu walemba kuti, 'Zikomo bwana potiyatsira dziko. Chithunzi chanu tikuchionera pa kandulo.' Gwaza, ameneyu akuyamika?"

"Akuyamika, mfumu."

"Nanga uyu? 'Chala chimenecho chikapuma chibwere kuno chidzakhudze mpopi wathu. Udauma mwana wanga ali kumsana, pano akumeta ndevu.'"

"Ameneyonso ali ndi chikhulupiriro chachikulu m'chala chanu, mfumu."

"'Mwayatsa dziko, bwana, n'chifukwa chake tikupsa.'" Mfumu idavula mandala. "Ameneyu amukondera anthu ambirimbiri. Ena aikapo tinkhope toseka mpaka misozi. Akuseka chiyani, Gwaza?"

Foni idaliranso.

Bwalo lidaitanidwa nthawi yomweyo, nduna zina zikupukutabe pakamwa. Mfumu idalowa itavala malaya mopotoza mabatani, foni ikulira m'thumba.

"Zimitsani kabokosi kameneko."

Palibe amene adasuntha. Nduna ya Chitetezo, munthu woti amagwira njoka ndi manja, idabisa manja ake pansi pa tebulo. A Zinalembedwa adadzuka pang'onopang'ono, adakwera pa mpando, n'kuliyang'ana batanilo ndi maso onse awiri.

"Batani lili pomwe chala chidalisiya, mfumu. Dzanja la munthu silingakhudze."

"Zimitsani foniyi tsono."

"Mudayatsa nokha, mfumu, tsiku la mwambo lija."

"Dulani nthambo."

"Kudula ndi kuzimitsa komwe, kwangovala chipewa."

"Nanga ine mwiniwake?"

"Muuni Wosazima suzimitsa, mfumu," adatero a Zinalembedwa mwaulemu wonse. "Umangoyatsa."

"Kwawala, mfumu," nduna zidayankha, koma motsitsa kwambiri.

Foni idalira. Mfumu idaitulutsa, idawerenga, nkhope n'kuchita tsinya, idaibweza m'thumba. Italiranso idaitulutsanso, pakuti chilonda chikayabwa dzanja silimva kuletsa. Apa a Koloboyi adaimirira n'kulengeza kuti anyani opanda mwambo adakwera nthambo ya ku Musandiuze masana, ndipo asilikali ali kale m'thengo kuwasaka. Palibe amene adawamvera. Maso a mfumu adali pa dazi lina lonyezimira kumapeto kwa tebulo.

"Ndani uja anati wakonza ndi nzeru zake?"

A Gwaza adagwada. Sadakane, sadatchulenso mnzawo.

"Mfumu, unduna tengani, nyumba ya boma tengani. Ndikungopempha tsiku limodzi lokha, ndimulowetse mwana wanga m'tchalitchi. Alibe mayi, mfumu. Ali ndi ine ndekha."

"Ndidati ukalephera udzapita pa tsiku la ukwati," idatero mfumu. "Poti wakonza msanga, upitanso msanga. Ine ndi munthu wachilungamo."

Mlandu adaulemba kuti ndi wolowetsa phokoso m'nyumba ya mfumu. Dzuwa lisanalowe a Gwaza adali pa lole, atafungatira thumba la pulasitiki mmene mudali suti ija. Adalira njira yonse, osabisa, mpaka dalaivala adawapatsa chinangwa chake.

Za ku Musandiuze ndingokuuzani mwachidule. Nthambo ya mfumu idaikiridwa asilikali pa mzati uliwonse kuti nyani asadzayandikirenso, choncho magetsi sadazimenso. Rauta idagwira ntchito osapuma mpaka, mwa chikhalidwe chake, kagetsi kadafiiranso. Mfumu idayambanso kugona bwino masana. Nduna yatsopano ya Nthambo imabwera m'mawa uliwonse, kuyang'ana kagetsiko, kupukusa mutu, n'kunena kuti kafukufuku ali mkati. Idalandira kale mendulo ya luso, ndipo akuti ikuyembekezera ina. Koma zimenezo n'zapambuyo.

Ku Kwaiwalika a Gwaza adapeza miyala ndi nkhanga monga adamvera, komanso nduna zakale zonenepa bwino zikusewera bawo pansi pa mtengo, zikuseka mokweza ngati anthu opanda bwana. Mmodzi wa iwo, amene kale adali Nduna ya Zamalonda, adali ndi kagolosale, ndipo pa shelefu pakati pa sopo ndi machesi padali rauta. Anyani amafika kumeneko pafupipafupi, choncho intaneti yake idali ya thanzi.

Tsiku la ukwati a Gwaza adasamba, adavala suti yawo, adapukuta nsapato, n'kukaimirira pakhonde pa golosaleyo foni ili m'manja. A Esinati adawaimbira pa vidiyo ali pakhomo pa tchalitchi. Adaona maluwa, adaona anthu ataimirira, kenaka nkhope ya Ndaziona itaphimbidwa ndi velo.

"Ababa, mwatchena," adatero mwanayo.

Adalandira foniyo kwa azakhali ake n'kuigwira m'dzanja limene akadagwirira mkono wa bambo ake. Kwaya idayamba nyimbo. Ndaziona adayamba kuyenda, ndipo ku Kwaiwalika a Gwaza adapinda mkono n'kuyamba kuyendanso pakhonde pa golosale, pang'onopang'ono, monga adayeserera masiku onse aja. Nduna zakale zidasiya bawo n'kuimirira, zipewa zili m'manja.

Ali pakati pa khonde, chithunzi chidauma. Nkhope ya Ndaziona idaima malo amodzi, nyimbo idaduka, kagudumu kadayamba kuzungulira. A Gwaza adasuzumira m'golosale, ndipo kagetsi ka pa shelefu kadali katafiira psuu.

Adayang'ana kumanja ndi kumanzere, poti chizolowezi sichichoka msanga. Kudalibe msilikali, kudalibe a Zinalembedwa. Mfumu idali isadapondeko ku Kwaiwalika, ndipo kudalibe kanthu n'kamodzi komwe koyatsidwa ndi chala chake. Adalowa m'golosale, adatambasula dzanja lawo, n'kuzula pulagi. Adapuma mpweya waukulu, adadikira pang'ono, n'kuibwezera. Kagetsi kadaphethira, kadaphethiranso, kenaka biriwiri.

Adaimba foni akuganiza kuti apeza zonse zatha, mwana wafika kale kuguwa yekha. Chithunzi chitatseguka adaona kuti kwaya yabwereza nyimbo yomwe ija, mkwati wamwamuna akusuzumira ali kutsogolo, abusa akuyang'ana wotchi, ndipo Ndaziona waima nji pakati pa tchalitchi, pomwe adamusiya paja.

"Ndimakudikirani, ababa," adatero. "Tiyeni."